Madzi Obatizira Amuna Anga

Mawu amene ndinawadikira zaka zoposa makumi awiri, amuna anga anawanena akusita malaya a kuntchito, osandiyang'ana n'komwe. "Mayi, ndikufuna kubatizidwa." Ine ndinali ndikudula anyezi, ndipo ndinatsala pang'ono kudula ndi chala chomwe. Munthu ameneyu ndinamupempherera mpaka mawondo kuda. Lamlungu lililonse ankandiperekeza mpaka pakhomo pa holo imene mpingo wathu umachita lendi ku Lewisham, mumzinda wa London, n'kubwerera kukaonera mpira. Tsopano, patangopita miyezi ingapo chimwalirireni mayi awo kumudzi, ndi awa akunena okha popanda wowakankha.

Ndisanayambe n'komwe nthungululu, anaimika simbi n'kundiloza chala. "Koma osati m'bafa lanu lija."

Bafa limene ankanenalo ndi dziwe la pulasitiki lochita kupopa, limene timaliika pakati pa holo tsiku la ubatizo, n'kumathiramo madzi a m'ketulo kuti wobatizidwa asaume. Mayi awo anabatizidwa mumtsinje ku Chikwawa, m'madzi oyenda, ndipo iwonso ankafuna madzi amene sanadzere m'paipi. Mtsinje tili nawo, Thames akudutsa kuseri kwa mafulati athu ku Thamesmead, koma mmenemo salowamo munthu wofuna moyo. Abusa atamva anati palibe vuto, tipita kunyanja ya mchere, si kutali.

Ulendo woyambawo ndiufotokoza mothamanga chifukwa umandiwawabe. Tonse mumpingomo ndife anthu a mashifiti. Ine ndine nesi, ambiri amasamalira okalamba, amuna anga amayendetsa basi, ndipo abusa eni akewo amagwira usiku m'nyumba yosungira okalamba. Kuti tonse tipezeke Loweruka limodzi, tchuthi timapempha kudakali miyezi. Tinapempha, tinapatsidwa, tinabwereka minibasi ziwiri, tinaimba njira yonse. Amuna anga anavala zoyera kuchokera kunyumba. Titafika kugombe la ku Essex, kumene Thames amathera, tinatsika ndi matawulo m'manja n'kupeza nyanja kulibe.

Sindikukokomeza ayi. Mchenga unalipo, maboti analipo koma atagona cham'mbali pamatope, ndipo matopewo anayalana mpaka kumene maso amalekezera. Kutali kwenikweni kunkaoneka kamzere konyezimira. Mayi wina wa ku Zambia, amene amatsogolera kwaya yathu, anagwira m'chiuno. "Manje manzi yayenda kuti?" Tonsefe kusukulu tinamvapo zoti nyanja za mchere zimakwera ndi kutsika, koma tinkayesa ndi nkhani ya mapazi awiri kapena atatu. Kwathu madzi amaphwa ndi nyengo. Mtsinje umene wausiya m'mawa uli wodzaza, sungaupeze masana utasamuka. Mzungu wina wachizimayi amene ankayendetsa galu wake anatiuza mwachifundo kuti madzi abwera chakumadzulo. Chakumadzuloko theka la mpingo, ndi abusa omwe, linkayenera kukhala litavala kale yunifolomu.

Abusa anayesetsa. Anapinda thalauza, anayenda pang'ono, nsapato imodzi inatsalira m'matope. Amati walira mvula walira matope, koma ife tinalandira matope okhaokha, mvula yake osaiona. Tinadyera mpunga ndi nkhuku m'minibasi n'kubwerera.

Choipa chenicheni chinabwera pambuyo. Wina anajambula amuna anga ataima ndi zoyera zawo, tawulo paphewa, akuyang'ana matope, ndipo kanemayo anayenda m'mafoni mpaka kukafika kumudzi. Achimwene awo anaimba foni akuseka mpaka kutsamwa. "Machimo ako ndi otani iwe, oti nyanja yonse n'kuthawa?" Amuna anga anaseka nawo, koma ine ndimawadziwa. Zoyera zija anazipinda n'kuziponya pamwamba pa wadilopu, ndipo Lamlungu lotsatira sanandiperekeze. Ndikayamba nkhaniyo ankangoti, "Mayi, mwina yankho ndi lomwe lija."

Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawaphikira chambo chouma chimene ndinkasungira Khirisimasi. Mu Januwale anagonja, koma mogonja mwake mwa iwo. "Kamodzi kokha. Ndikakapezanso matope, nkhani imeneyi musadzaitchulenso m'nyumba muno." Amuna anga akanena choncho sabweza. Ndinadziwa kuti ndatsala ndi Loweruka limodzi, ndipo ndikaliphonya ndidzapitiriza kukhala ndekha pabenchi la kutchalitchi mpaka imfa.

Ndinauza abusa kuti ulendo uno tsiku ndisankha ndine. Safunsa anadya phula, ndipo ife phula tinali titadya lokwanira.

Ndinayamba ndi foni, m'basi popita kuntchito. Ndinapeza msanga kuti nthawi imene madzi adzadzaze ndi imene adzaphwe imalembedwa, gombe lililonse ndi nthawi zake. Koma masamba oyamba amene ndinatsegula ankangosonyeza sabata imodzi kutsogolo. Sabata imodzi ingandithandize chiyani ine, munthu woti tchuthi cha mu Julaye amafuna ndipemphe Febuluwale asanathe? Ndinafufuzabe, ndikuitukwana foniyo chamumtima, mpaka ndinapeza tsamba la chaka chathunthu la gombe lomwe lija. Ndinatsika basi, ndinalowa mu laibulale, ndinalisindikiza.

Chimwemwe chimene ndinali nacho pabenchi la panja pa laibulaleyo, chala chikutsetsereka papepala, ndimachikumbukabe m'thupi. Januwale mpaka Disembala, tsiku ndi tsiku, madzi adzakwera nthawi yakuti, adzatsika nthawi yakuti, adzafika pakuti. Ine kuntchito ndimawerenga mapepala a odwala tsiku lonse, kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, koma zonsezo ndi zinthu zoti zachitika kale. Apa panali anthu akundiuza kumene madzi adzakhale masana a tsiku limene silinabadwe. A zanyengo amaphonya mvula ya mawa lenilenili, koma awa akulonjeza za mu Julaye chipale chisanasungunuke! Ndinaseka ndekha mokweza, ndipo bambo wina amene anakhala pambali panga ananyamuka n'kukakhala kwina.

Komabe ine sindine munthu wongokhulupirira pepala. Ndinasindikizanso la mtsinje wathu, la dera la pafupi ndi kwathu, n'kuyamba kuuyendera. Zaka zonse zimene ndakhala ku Thamesmead ndinkaona kuti tsiku lina mtsinje wadzaza, tsiku lina pali matope ndi matayala ndi timangolo ta m'masitolo, koma ndinkangoti kaya kumtunda kwagwa mvula. Munthu wothamangira basi alibe nthawi yofunsa mtsinje mafunso. Tsopano ndinkapita pakhoma la m'mphepete pa nthawi imene pepala lanena, n'kupeza madzi ali tho, akunyambita khoma. Ndikabwereranso pa nthawi yophwa, mbalame zikuyenda pansi pamene panali madzi. Mawa lake zonse zasuntha pang'ono, monga mmene pepala lanenera. Ndinkalowa m'nyumba mphuno ikuchucha ndi kuzizira, ndikufuula ndisanavule jekete.

"Bambo, abwera! Pa nthawi yake yeniyeni!"

"Ndani?"

"Madzi!"

Iwo ankangopukusa mutu n'kukweza wailesi ya kanema, koma ndinkawaona kuti amva.

Kenaka ndinatulukira za mwezi. Ndinaona kuti madzi okwera kwambiri amabwera kawiri pamwezi, ndipo m'mbali mwa masiku amenewo munali timabwalo, tina toyera tina takuda. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukalowa mumdima, pakapita tsiku kapena awiri madzi amakwera kuposa masiku onse. Chokoma china, pagombe lathu lija madzi aakuluwo amagwera masana, dzuwa litangopendeka, nthawi yabwino yoti anthu afike kuchokera ku London ndi kubwerera shifiti ya usiku isanayambe. Mwezi umene mumzinda muno sindinkauyang'ana n'komwe ndinayamba kuusuzumira pawindo ngati mlendo amene ndikumuyembekezera.

Ndinasanduka mlaliki wa madzi. Anzanga pawodi anayamba kundithawa nthawi ya tiyi. Nesi mnzanga wa ku Philippines, amene anakulira m'mbali mwa nyanja, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka n'kundifunsa mwaulemu ngati kwathu kulibe mwezi.

Ndinasankha Loweruka lina la mu Julaye, mwezi utangokhala wathunthu, ndipo ndinalengeza mumpingo nditaimirira kutsogolo ndi pepala langa. Mayi wa ku Zambia uja anandikokera pambali titaweruka, nkhawa yake ili pa tchuthi cha kuntchito. "Asisi, mwacheka bwino bwino? Manija wanga sazanipasa futi livi ina." Ndinamuuza kuti madzi akapanda kupezeka adzandimize ine m'matopemo. Aliyense anakapempha tchuthi, ena anasinthana mashifiti ndi anzawo, ndipo minibasi zinasungitsidwa.

Kumapeto kwa Malichi, zonse zitatheka kale, ndinapita kumtsinje monga mwa masiku onse. Pofika nthawi imeneyo ndinali nditaudziwa khalidwe lake. Ukadzaza umaima kaye, zinyalala zoyandama n'kumangozungulira malo amodzi, kenaka n'kutembenuka. Tsikulo nthawi ya papepala inakwana, koma zinyalala zinali kuthamangirabe kumtunda. Ndinayang'ana foni, ndinayang'ana pepala. Ndinakhala pakhomapo mphepo ikundimenya, ndipo madzi anadzaima patapita ola lathunthu. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinayamba kuganiza kuti pepala lonselo ndi labodza, ndipo kunyumba sindinafuulenso za madzi. Amuna anga anazindikira. "Lero sanabwere alendo anu aja?" Ndinati mutu ukundipweteka.

Chimene chinandipulumutsa ndi wotchi ya pakhoma la kukhitchini. Ndikudikira mpunga kuti upse, ndinaona kuti yatsalira ndi ola, ndipo pokwera pampando kuti ndiikonze ndi pamene nzeru zinabwera. Mlungu umenewo ndi umene dziko lino limakankha wotchi kulowa nthawi ya chilimwe. Foni inali itasintha yokha osandiuza, pepala linakhala mmene linalili. Ndinathamanga kukalitenga, ndipo pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, analemba kuti nthawi zonsezo ndi za wotchi ya m'nyengo yozizira, m'chilimwe onjezerani ola. Kwathu wotchi sitisewera nayo, sikisi koloko ndi sikisi koloko chaka chonse. Kuno amaikankha n'kuibweza, koma nyanja sanaiuze. Ndinavina m'khitchinimo mpaka mpunga unapserera.

Ndiye kuti tsiku la ubatizo madzi adzadzaza mochedwerapo ndi ola kusiyana ndi mmene ndinalengezera. Ola limenelo ndinalibisa mumtima, sindinauze munthu, ngakhale abusa. Anthu anga ndimawadziwa.

Loweruka lija linacha ndi dzuwa, ndipo anthu anachedwa monga mmene ndinkayembekezera. A ku Ilford anati sitima, wina anabwerera poto wa ndiwo, wina anali akutsikabe shifiti. Ola langa lobisa lija linadyedwa lonse tisanatuluke mu London. Amuna anga anakwera ndi zovala wamba, zoyera zili m'jumbo pamiyendo. "Ndivala ndikaona madzi," anatero, ndipo njira yonse sanaimbe nawo nyimbo ngakhale imodzi. Ine ndinakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala.

Titakhota msewu womaliza, nyumba zinatha, ndipo nyanja inali pomwepo. Yodzaza, yobiriwira, mafunde akumenya miyala ya m'munsi mwa msewu, maboti aja akuvina, ana akusambira. Ndinaimba nthungululu m'khutu mwa dalaivala mpaka anatsala pang'ono kukwera m'mbali mwa msewu. Kumbuyo mayi wa ku Zambia ankamenya denga la minibasi. "Yabwela! Manzi yabwela!" Azimayi anatsika akuvina, ena akundikumbatira ngati nyanjayo ndaithira ndine ndi ndowa. Amuna anga anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenaka ananyamula jumbo yawo n'kupita kukasintha.

Ndinali nditawerengera mwezi, wotchi, misewu ndi kuchedwa kwa anthu. Chimene sindinawerengere ndi mwambo wathu. Ife sitingofikira pa chinthu ngati akuba. Tinayala zitenje pamchenga, panakhala pemphero lotsegulira, kwaya inaimba, inaimbanso. Kunabwera alendo a mpingo wina, ndipo mlendo aliyense anayenera kuimirira, kunena kumene amakhala kuno ndi kumene amachokera kumudzi, ife n'kumuombera m'manja. Mkulu wa mpingo anapempha kuti anene mawu awiri okha, ndipo amene anakhalapo pamsonkhano wa Amalawi akudziwa kutalika kwa mawu awiri. Kenaka abusa anatsegula Baibulo. Poti chaka chatha anabwerera ndi nsapato imodzi osalalikira, ulendo uno anabwera ndi ulaliki wa zaka ziwiri.

Ine maso anga anali pa mitengo imene anaikhoma mondondozana kutsikira m'nyanja. Titafika inali yomira, mitu yokha ikuoneka. Abusa ali pa mfundo yoyamba, pamitengopo panaoneka mzere wakuda wonyowa. Ali pa yachiwiri, mzerewo unali utatalika ngati mkono, ndipo miyala imene inali pansi pa madzi inali kuwala padzuwa. Ndinali nditawerenga kuti pagombe lathyathyathya ngati limenelo, madzi akayamba ulendo sayenda, amathamanga.

Ndinasendera kwa amayi busa n'kuwanong'oneza. "Amayi, madzi akupita."

"Mayi, munthu wa Mulungu sadulidwa pakamwa," anandiyankha osatembenuka. "Amene wawabweretsa awasunga."

Ndinafuna kuwauza kuti yemweyo ndi amene anapachika mwezi kumwamba n'kuupatsa ntchito, koma ndinameza. Ndinakweza dzanja n'kumaloza pamkono pamene pamakhala wotchi. Abusa anaona ngati mzimu wandigwira. "Aleluya, mayi!" anatero, n'kuwonjezera moto.

Ndinayamba kulira. Sinali misozi ya mapemphero ayi, inali ya mkwiyo ndi mantha. Nyanja inasunga pangano lake, inabwera pa nthawi imene inalonjeza mu Januwale, ndipo ife tinali kuitaya tokha ndi maso athu, titakhala pazitenje, tikuti ameni. Kuimirira kuti ndidule abusa pamaso pa alendo sindikanatha, sindinaleredwe choncho. Kukhala chete nakonso kunali kundipha.

Amuna anga anawakhazika kutsogolo, pampando wopinda, ndi zoyera zawo. Anatembenuka, anaona nkhope yanga, anatsata kumene maso anga ankayang'ana. Anayang'ana mitengo ija, anayang'ana miyala. Kenaka anawerama, anavula nsapato, analowetsa masokosi m'kati mwake bwinobwino monga amachitira kunyumba, anaimirira ulaliki uli pakati.

"Abusa, pepani," anatero, mawu ali pansi koma tonse tinamva. "Zotsalazo mukandiuzira m'madzimo."

Anawadutsa n'kumatsetsereka, osacheuka.

Abusa anatsala kukamwa kuli yasa, chala chili pavesi. Amene anatipulumutsa ndi mayi wa ku Zambia, amene anangoyambitsa nyimbo ya ubatizo ndi mawu ake onse, kwaya n'kuilandira. Abusa anapatsira amayi busa Baibulo ndi jekete, n'kuthamangira nkhosa yawo. Madzi anali atasendera kale, moti anayenda ndithu, m'akakolo, m'mawondo, amuna anga patsogolo, abusa akupuma wefuwefu pambuyo. Mpingo wonse unatsatira, azimayi atakwinya zitenje, azibambo atapinda mathalauza, alendo aja ndi nsapato m'manja. Azungu amene ankaothera dzuwa anadzuka pamatawulo awo kuti aone. Pamene madzi anafika m'chiuno, awiriwo anaima. Abusa ananena mawu a ubatizo mwachidule kuposa mmene ndinawamverapo chiwadziwireni, anagwira amuna anga pamphumi ndi pamsana, n'kuwamiza.

Ine sindinapite nawo. Ndinatsala m'mphepete ndi tawulo m'manja, madzi akundithawa kumapazi. Ndinaona mutu wawo ukulowa, nyanja n'kutsekeka, ndipo ndinasiya kupuma mpaka unatulukanso. Nthungululu zimene zinamveka pamenepo, ndikhulupirira anazimva tsidya lina.

Anatuluka akutsokomola, akupukuta mchere m'maso, mano akugundana ndi kuzizira. Akuluakulu a mpingo anawatambasulira manja kuti awapatse moni wa m'bale watsopano, wina anawatambasulira tawulo. Anawadutsa onsewo. Anabwera akukhuvula madzi mpaka pamene ndinaima. Amuna anga ndi Mmalawi wachikale, pagulu sanandigwirepo ngakhale dzanja, ndipo pachithunzi cha ukwati wathu tinaima ngati asilikali awiri. Tsikulo anandikumbatira, ali chinyowere, akunjenjemera, pamaso pa abusa, pa alendo ndi pa mafoni onse amene ankajambula.

"Mwandipezera madzi, mayi," anandiuza pakhutu.

Diresi langa la Lamlungu linanyowa kutsogolo konse. Amayi busa anandipatsa chitenje chouma kuti ndikasinthe kuseri kwa minibasi, koma ndinakana. Ndinakhala nalo choncho mpaka ku London, mchere ukuumira pansalu.